Kaseti Yopita ku Lusaka

Mdzukulu wanga anandionetsa foni yake tsiku lina, nati masiku ano mwana akakhala ndi nkhawa angathe kuilembera foniyo, iyo n'kumuyankha mofatsa kuposa munthu. Ankayembekezera kuti ndigwira pakamwa. Sindinagwire. Ndinamuuza kuti makina ochiza maganizo a ana ine ndinawayendetsapo kalekale, amayi ake akadali kuthamanga opanda nsapato, ndipo anga anali ndi chogwirira pamwamba komanso mabatire akuluakulu amene tinkawayanika padzuwa.

Zinali m'zaka za m'ma 1990, ku Livingstone. Bambo anga anachokera kummawa kudzagwira ntchito ya njanji, ine n'kubadwira konko, n'kukulira konko, mpaka kukhala namwino pa kiliniki ina yaing'ono ku Dambwa. Ntchito yanga inali kubaya jakisoni, kuyeza ana pasikelo, kumanga zilonda ndi kukalipira amayi obwera mochedwa. Kukalipa ndinkakudziwa bwino. A ku Dambwa amene akadali moyo angachitire umboni, ndipo sindipepesa, chifukwa ana awo anabayidwa katemera yense.

Zaka zimenezo maliro anachuluka. Mafakitale anali atatseka, azibambo akungosuntha mipando kutsatira mthunzi wa mango, ndipo matenda aja amene sitinkawatchula dzina ankalowa nyumba ndi nyumba. Ana otsala anayamba kubwera ndi mavuto opanda jakisoni. Wina wayambiranso kukodza pogona ali wamkulu, wina akuluma anzake kusukulu, wina akukana chakudya. Dokotala wodziwa za maganizo a ana tinkangomumva mbiri kuti ali ku Lusaka. Kwa mayi wa kukomboni ya Malota wogulitsa tomato, ku Lusaka kunali kutali ngati kumwamba.

Ndiye bungwe lina lachifundo linatiitana anamwino angapo ku maphunziro a uphungu. Mphunzitsi wake anali bambo wochepa thupi wa tayi yaikulu, amene kutentha kwa Livingstone kunkamusungunula tikuona. Tsiku lomaliza anaika chinthu patebulo chitafunditsidwa nsalu.

"Madokotala ndi ochepa, ana ndi ambiri," iye anatero. "Tsogolo la ntchito imeneyi ndi ili."

Anavundukula nsalu ija. Inali wailesi ya kaseti, yofanana ndi imene mlamu wanga ankavinira rumba. Anafotokoza kuti tizikhazika mwana pansi, n'kudina batani lofiira, mwanayo azinena zakukhosi. Kasetiyo tiziitumiza pa basi ku Lusaka, dokotala azimvetsera, azijambula malangizo ake kuseri kwake, n'kuibweza. Anati mwa njira imeneyi dokotala mmodzi adzasanduka madokotala ambiri osadzuka pampando. Tinaomba m'manja kwambiri, makamaka chifukwa tiyi ndi mabanzi zinali zitafika kale pakhomo.

Pa kiliniki pathu wailesi ija inagwera ine. Mkulu wathu anati ndine woyenera chifukwa ndili ndi pakamwa. Anandipatsa kachipinda kosungiramo katundu, mmene munali makatoni a mankhwala a malungo ndi sikelo yothyoka. Ndinasesamo, ndinaikamo mipando, tsogolo lija ndinalikhazika pa katoni.

Chimene bambo wa tayi sanachiganizire n'chakuti kwathu mwana salankhula pamaso pa akulu. Ukamufunsa kuti mutu ukupweteka, amayankha ndi amayi ake. Ukamufunsa dzina, amayankha ndi azakhali. Chinanso, anthu akangoona wailesi n'kumva kuti mawu akupita ku Lusaka, ankakumbukira pologalamu ija yopatsana moni. Woyamba kubwera anali bambo wina amene mwana wake ankakodza pogona. Anavala jekete, anakonza pakhosi, n'kuweramira makina.

"Ine ni tate wa mwana uyu, nikambila ku Dambwa North. Nipeleka moni kuli mlamu wanga ku Matero, na bana bonse, na ba neba bake. Nyimbo ikhale ya rumba."

Ndinamuuza kuti ino si wailesi ya boma. Anapepesa, kenaka anawonjezera moni wa m'bale wake wina wa ku Chawama amene anamuiwala. Mkazi wake nayenso anali ndi abale. Pofika pa mwana, kaseti inali itatha.

Vuto lachiwiri linali kondakitala wa basi amene ndinkamupatsira makaseti. Kaseti yoyamba ija pobwerera, kaseti ya nyimbo ya kondakitalayo inadyedwa ndi wailesi ya m'basi atangodutsa Choma. Munthuyo anapisa m'thumba, n'kupeza yathu. Basi yonse inamvetsera moni wa ku Matero, kenaka malangizo a dokotala pa nkhani ya kukodza pogona. Ndinamva kuti anthu anatsutsana njira yonse, ndipo pofika pa Zimba anali atagamula kuti wolakwa ndi bambo wa mwanayo. Kondakitala anandipatsira kasetiyo ali wosangalala.

"Ba sisita, ise mu basi taona ati mwana asamamwe tiyi kumazulo."

Zimene ndinamuuza pa siteshoni paja sindingazilembe, poti tsopano ndine wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi. Kuyambira pamenepo kaseti iliyonse ndinkaikulunga ndi pulasitala wa zilonda, n'kulemba pamwamba kuti muli makhololo a wodwala chifuwa chachikulu. Ankainyamula ndi zala ziwiri, nkhope atayang'ana kumbali, ndipo sanaitsegulenso.

Dokotala uja sindinamuonepo ndi maso mpaka lero. Ndimangodziwa mawu ake. Anali mayi wa mawu otopa koma aulemu, ndipo yankho lake lililonse linkayamba chimodzimodzi: "Zikomo chifukwa cha moni wonse. Tsopano ndingamveko mwanayo?" Tsiku lina anawonjezera malangizo a ine mwini. Anati akuluakulu ndiziwatulutsa panja, mwana azitsala ndi ine. Kenaka anati, "Ndipo inu a sisita, pa kaseti yonseyi mawu ochuluka ndi anu. Yesani kukhala chete."

Zinandipweteka. Ndinabweza kaseti ija kuti ndiwerengere mlandu wanga, ndipo ndinadzimva ndikufunsa funso, n'kuliyankha ndekha, n'kumukalipira mwana chifukwa cha yankho limene ndayankha ine. Ndinazimitsa msanga mlonda wa pakiliniki asanamve.

Ndi masiku amenewo pamene anabwera mtsikana amene ndikufuna kunena. Anali wa giredi 3, woonda, wa tsitsi lolukidwa bwino, wovala yunifomu yoyera m'khosi. Anabwera naye ndi mng'ono wa amayi ake. Kummawa kwathu tikanati amayi aang'ono, koma kwawo ku Malota anali ba anti. Mayiyo ankaoloka mlatho kukagula sopo ndi majarini ku Zimbabwe n'kudzagulitsa pamsika. Anamusiya mwana pa benchi, n'kundikokera kuseri kwa thanki ya madzi.

Anandiuza kuti amayi a mtsikanayo anamwalira mvula itangoyamba. Bambo ake anali atasowa kale. Nthawi ya maliro mwanayo anamupititsa kwa mnzawo wa kumpingo ku Dambwa, ndipo atabwerako anamuuza kuti amayi ake awatengera ku chipatala chachikulu ku Lusaka. Ine sindinaone chachilendo. Ndi mmene tinkachitira tonse. Mwana sauzidwa za imfa, amauzidwa za ulendo. Ineyo agogo anga aamuna anapita ku Joni ndili wamng'ono, ndipo ndinafika giredi 7 ndikudikirabe masuwiti.

Poyamba mtsikanayo ankafunsa tsiku ndi tsiku kuti amayi abwera liti, ba anti n'kumayankha kuti posachedwa. Kenaka tsiku lina anapita kukatunga madzi kumpopi, anabwerako, anatula ndowa, osalankhulanso. Ankasesa, ankatsuka mbale, kusukulu ankalemba bwinobwino. Ukamuitana ankabwera. Koma liwu ayi.

Anali atayesa zonse. Abusa anamupempherera mpaka mawu kuwathera iwo. Wina anawapatsa mizu yotafuna. Mwamuna wa ba anti, amene mwanayo ankamutcha ba ankolo, anali ndi nzeru zakezake. Iyeyu ankagula ziboliboli kwa osema a ku Mukuni n'kumagulitsa kwa azungu odzaona mathithi, ndipo ankakhulupirira kuti palibe munthu amene sangamulankhulitse. Anagwetsa beseni kumbuyo kwa mwanayo kuti akuwe. Mwana anadumpha, anatola beseni, n'kukalitsuka. Anamuikira njoka yosema pa mphasa. Mwana anaipukuta fumbi n'kuibwezera m'thumba la malonda.

Tsopano mphunzitsi wamkulu anali atanena kuti mwana wosayankha m'kalasi sangapitirire naye. Ba ankolo nawo anali atagamula kuti sukulu zikatsekera, mtsikanayo apita kumudzi kwa abale a bambo ake, cha ku Kalomo, kumene sukulu inali kutali ndipo anthu ake mwanayo sankawadziwa n'komwe. Anati mbuzi sizifuna munthu wocheza nazo. Sanali munthu woipa, anali atangotopa ndi manyazi a pakomboni.

"Ba sisita," anatero ba anti, atandigwira mkono, "ni uyu chabe wamene ananisiila mkulu wanga. Akayenda ku munzi, ine nasala na chani?"

Ndinawauza kuti abwere mawa lake, tidzayese makina.

Anabwera onse atatu. Ba ankolo anavala jekete, ndipo ananyamula mvuu yosema yoti ikhale mphatso ya dokotala. Nditadina batani lofiira anayamba ndi Chingerezi chawo cha kumathithi, chija chonyengerera mzungu kuti angoyang'ana, kuyang'ana n'kwaulere. Anamutcha dokotala bwenzi lawo lapamtima. Anafotokoza za beseni ndi za njoka ngati munthu wopereka lipoti kwa mnzake wa ntchito imodzi. Kenaka, monga mwa mwambo, anapereka moni ku Kanyama.

Apa m'pamene zinavuta. Mtsikana uja anali atamva kuti kaseti ikupita ku Lusaka. Anali atamvanso moni ukupita kwa anthu wamba. Anatembenuka n'kuyang'ana ba anti. Mayiyo anazindikira msampha umene anadzitchera yekha: ngati mawu akupita ku Lusaka, angaleke bwanji kupereka moni kwa mkulu wake wodwala? Ba ankolo anamugunda ndi chigongono. Mayiyo anasendera pafupi ndi wailesi.

"Ba sisi, ni ine. Kuno tili bwino. Mwana ali bwino, akudya. Mupole msanga, tikuyembekezani."

Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma ba ankolo anali munthu wosadziwa polekera malonda. Anaona kuti bodzali likufunika mchere.

"Mlamu, ni ine. Pobwela munigulileko nsapato ku Kamwala. Zakuda. Mukaona zodula, siyani, nizamvesa."

Ndinkafuna kuseka. Munthu wamkulu, wa jekete, akutuma nsapato kwa mayi amene iye mwini ananyamula nawo bokosi lake. Mtsikana uja sanaseke, sanalire. Anangoyang'ana ba anti ake nthawi yaitali, kenaka anayang'ana pansi.

Mwamwayi mabatire anafooka, timawilo ta kaseti n'kuyamba kuzungulira mokoka ngati munthu woledzera. Ndinakumbukira malangizo a dokotala. Ndinatulutsa mabatire aja n'kuwapereka kwa ba ankolo, ndi nkhope ya ntchito.

"Aya afunika kuyanika pa zuba. Koma muziyatembenuza, asapse mbali imozi. Ni nchito ya mwamuna wosamala."

Anawalandira ndi manja awiri. Ba anti ndinawauza kuti akathandize kuyang'anira. Atatuluka ndinatenga mabatire ena amene ndinkabisa m'katoni, ndinatseka chitseko, ndinadina batani, n'kukhala pansi. Kenaka ndinayamba ntchito yovuta kuposa zonse zimene ndagwirapo, yotseka pakamwa panga.

Anthu amene sanabadwe ndi pakamwa sangamvetse. Mafunso ankabwera okha mpaka pa mano. Ndinaluma lilime. Ndinawerenga zolembedwa pa katoni ya mankhwala a malungo mpaka kuziloweza. Panja anyamata a minibasi ankaitanira anthu opita m'tauni, mwana wina ankalira jakisoni, denga la malata linkathetheka ndi dzuwa. Mtsikana anakhala manja ali pamaondo, akuyang'ana timawilo ta kaseti tikuzungulira. Kaseti inafika kumapeto, batani linadumpha lokha, tonse tinadzidzimuka. Sananene kanthu.

Ndinaitumizabe. Yankho linabwera patapita nthawi, monga mwa masiku onse. Dokotala anathokoza moni, anathokoza mvuu, nati mbali yachete ija ndiyo yabwino kuposa zonse zimene ndinamutumizirapo. Anati ndipitirize. Anafunsanso ngati mwanayo akudziwa kumene amayi ake ali. Ndinapita nalo funsolo kwa ba anti kuseri kwa thanki, koma anakana ndi mutu ndi manja omwe. Anati mwana wodwala kale sungamuwonjezere katundu wina, ukhoza kumupha. Sindinaumirire, chifukwa pansi pa mtima inenso ndinkaganiza chomwecho.

Anabwera kangapo ndithu. Ba ankolo anasanduka katswiri wa mabatire. Ankabwera ndi kachidutswa ka lata koyanikirapo, ndipo ankalangiza anthu a pamzere kuti batire labwino limadziwika ukaliluma. Ine ndi mtsikana tinkakhala m'kachipinda kathu, chete, ngati anthu odikira basi imodzi. Ndinayamba kumukonda mwanayo, ndipo mantha anandigwira, chifukwa sukulu zinali pafupi kutsekera ndipo panalibe chosintha.

Ulendo womaliza ba ankolo anandiuza pakhomo kuti chikwama chalongedwa, anyamuka Loweruka. Ba anti maso anali otupa. Ndinawatumiza ku mabatire monga kale, ngakhale kuti tsikulo kunali mitambo. Ndinatseka chitseko n'kudina batani. Mumtima ndinali nditagonja, ndinkangoganiza za nyemba zimene ndinasiya zitanyikidwa kunyumba.

Kenaka ndinamva mawu okhala ngati a chitseko chimene chakhalitsa chosatsegulidwa.

"Ba dokota bamasunga chinsinsi?"

Ndinatsala pang'ono kugwa pampando. Ndinaganiza za kondakitala uja ndi basi yake yodzaza oweruza. Koma ndinayankha modekha, ngati kuti timacheza tsiku lililonse.

"Bamasunga."

"Na imwe?"

"Na ine."

Anakokera mpando pafupi ndi katoni. Anakonza pakhosi monga ankachitira ba ankolo, ndipo poti anali mwana woleredwa bwino, anayamba ndi moni.

"Muli bwanji ba dokota. Ine nili bwino. Nifuna kukuuzani kuti musavutike kusakila ba mami mu chipatala. Sibaliko ku Lusaka. Banafa. Ananiuza munzanga pa pompi, amai bake ndiye benze kuphika pa malilo."

Ine lilime ndinali nditaliluma mpaka kumva mchere.

"Manje ba anti sibaziba. Masiku onse bakamba ati ba mami bazabwela. Bamasunga na kapu yao. Ine nikasegula pakamwa, chizachoka, ndiye ba anti bazalila maningi. Musabauze. Na ba ankolo sibaziba, bayembekeza nsapato."

Anabwerera pampando wake, manja pamaondo, ngati munthu amene wamaliza ntchito imene anadzera.

Ndinazimitsa wailesi. Miyezi yonseyo akuluakulu ankamubisira mwana imfa, pamene mwanayo anatseka pakamwa pake kuti awabisire iwo imfa yomweyo. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo pa ntchito, ndiponso manyazi a ife tonse akuluakulu. Ndinayang'ana makina aja. Kufunsa ku Lusaka kunali kosatheka, yankho likanafika mwana ali kale kumudzi akuweta mbuzi. M'kachipinda muja munali ine, namwino wa jakisoni wa maphunziro a mabanzi, ndi mwanayu basi.

Ndikanatha kumuuza kuti ba anti akudziwa, ndipo ndi iwo anatseka maso a amayi ake. Koma ndikanakhala ndikumuuzanso kuti nyumba yonse yakhala ikumunamiza, kuti chete wake yense anali wopanda ntchito. Sindinathe. Kaya ndinalondola kaya ndinalakwa, dokotala sanali pafupi kuti andiuze.

"Mwana wanga," ndinatero, "wanyamula katundu ukulu weka. Manje nikufunse. Uthenga wa malilo bamatuma pa kaseti?"

Anapukusa mutu.

"Amakamba ni ndani?"

Anaganiza. "Wa pa banja."

"Wa pa banja wamene aziba ni ndani?"

Anazindikira kuti ndi iyeyo. Kenaka anafunsa ngati ndikhala pafupi. Ndinati sindisuntha.

Ndinatuluka kukaitana ba anti. M'njira ndinangowanong'oneza kuti mwana walankhula, ali ndi nkhani yoti awauze, ndipo chilichonse chimene anene iwo angomvetsera. Mayiyo anafuna kuthamanga, ndinamugwira chitenje.

Titalowa tinapeza mtsikana atasuntha mipando n'kuiika kukhoma. Ana amaona zonse. Anali ataonapo pakomboni mmene amayi amafikitsira uthenga wotere, ndipo anatsata mwambo wonse osadumpha kanthu.

"Ba anti, nkalani pansi."

Ba anti atamva mawu a mwanayo anagwira pamtima. Anakhala pansi pa simenti, miyendo atatambasula. Mtsikana anagwada patsogolo pawo, n'kuwagwira manja onse awiri.

"Mulimbe mtima. Ba mami sibazabwela. Banatisiya kale."

Ba anti anandiyang'ana kudutsa pamwamba pa mutu wa mwanayo. Ine ndinawatuzulira maso aja amene ndinkatuzulira amayi ochedwa ku sikelo. Anamva. Sananene kuti akudziwa. Anangotsegula pakamwa n'kulira maliro a mkulu wawo, amene miyezi yonseyo ankawalirira mobisa, m'bafa ndi pamzere wa pamlatho. Analira mokweza, akutchula mkulu wawo, ndipo sikunali kuyerekeza. Amayi a pamzere panja atamva anabwera pakhomo. Ena anakhala pansi n'kuyamba kuthandiza kulira osafunsa n'komwe kuti wamwalira ndani, monga timachitira.

Mtsikana ankawasisita pamsana, akuti pepani, pepani. Anapirira kanthawi ndithu. Kenaka nkhope yake inakwinyika, anagwera pachifuwa cha ba anti, n'kulira ngati mwana wa msinkhu wake.

Ba ankolo analowa akuthamanga, mabatire ali m'manja. Mtsikana anadzutsa mutu, mamina ali mbwee, poti anali ndi uthenga winanso woti afikitse.

"Ba ankolo, nsapato sizizabwela."

Bamboyo anayang'ana mkazi wake, anayang'ana ine, anayang'ana mwana amene walankhula. Anakhala pa katoni ya mankhwala a malungo, katoni inaphwanyika, iye osasamala. Analira ali chogwirira mabatire. Inenso, wokalipa wa pa Dambwa, ndinalira mpaka mkulu wathu anabwera kudzafunsa ngati makina aphulika.

Loweruka lija sanapite ku Kalomo. Anapita kumanda onse atatu, mwanayo akutsogolera ba anti ake pogwira dzanja, ngakhale njira ankaidziwa ndi ba anti. Sukulu zitatsegulira anabwerera m'kalasi. Patapita miyezi ndinakumana ndi ba ankolo m'tauni atanyamula thumba la ziboliboli, ndipo anadandaula kuti mwana uja tsopano salekeza, amayankha ngakhale mafunso ofunsidwa kwa anthu ena. Anafunsa ngati kuli makina ochepetsako.

Kaseti ija sinakwere basi. Mwana anati ndi chinsinsi, ndipo pulasitala sindinamukhulupirire mpaka pamenepo. Ndinaifufuta pojambulapo phokoso la kachipinda kopanda munthu. Kwa dokotala ndinatumiza ina, yongonena kuti mwana walankhula ndipo akhala ndi ba anti ake. Bambo wa tayi atabwera kudzayendera ntchito anasangalala kwambiri, anaisisita wailesi ija, nati zaonetsa kuti njirayi ikugwira. Sindinamutsutse. Mwina ankanena zoona pang'ono, chifukwa mwanayo sakanandiuza ine maso ndi maso, anafuna khutu lakutali losamudziwa. Koma makinawo sakanatha kukayanika ba ankolo padzuwa, kapena kutuzula maso pa nthawi yake. Bungwe lija litatseka ntchito yake makaseti anasiya kuyenda, ndipo tsogolo lija linathera m'kanyumba ka mlonda, likuimba rumba.

Mdzukulu wanga nditamusimbira zonsezi anafunsa ngati mtsikanayo anadzadziwa kuti ba anti ake ankadziwa. Ndinati atakula ayenera kuti anazindikira yekha, sanali mwana wopusa. Koma kwa ine sanazimve, ndipo chifukwa chake chilipo.

Tsiku lija, kulira kutatha, atatuwo anatuluka kupita kokwerera minibasi. Mtsikana anali pakati, akuwafotokozera ba ankolo zinazake zimene anazisunga miyezi yonse. Atafika pa geti ba anti ananamizira kuti aiwala kadi yakuchipatala, n'kubwerera okha. Anandipeza ndikutola mabotolo a mankhwala amene anamwazika pansi. Anatseka chitseko, anayang'ana wailesi kuti aone ngati batani lofiira lili pansi, kenaka anandinong'oneza.

"Ba sisita, imwe mumasunga chinsinsi?"

Ndinati ndimasunga.

"Musakamuuze kuti ninali kuziba. Ananiuza bwino maningi."